Kutseka masamba ena a pa intaneti ndi zida zimene zili kale m'kompyuta yanu

Aliyense amene amadziwika kuti amagwiragwira makompyuta kuno ku Salima anafunsidwapo funso ili: kodi n'zotheka kutseka tsamba lakutilakuti kuti lisamatsegukenso pa kompyuta iyi? Wofunsa amakhala mphunzitsi woyang'anira labu pa sekondale, amene ana akangokhala pansi afika kale pa YouTube. Kapena mwini shopu yotayipa ndi kupulinta makalata pa Kamuzu Road, amene bandulo ya mwezi ikumuthera mwezi usanafike pakati chifukwa mnyamata wake akumaonera mavidiyo kukakhala kopanda makasitomala. Kapenanso kholo limene lapeza masamba obetcha pa laputopu ya pakhomo. Yankho ndi lakuti n'zotheka, ndipo simufunika kugula kapena kudawuniloda pulogalamu ina iliyonse, chifukwa Windows, Linux ndi macOS zimabwera kale ndi zofunikazo. Kutseka kwenikweniko ndi kwa mphindi zochepa. Chimene chimafuna kumvetsa bwino ndi malo amene mwatsekawo, komanso munthu amene angathe kutsegulanso inu mukachoka.

Kompyuta sidziwa mayina. Mukalemba www.youtube.com n'kudina Enter, browser, pulogalamu yotsegulira masamba monga Chrome, singapite kulikonse mpaka itapeza nambala ya seva imene ikusunga tsambalo. Nambala imeneyi ndi imene amati IP address, ndipo imaoneka ngati 8.8.8.8, yomwe ndi ya Google, kapena 1.1.1.1, ya kampani ya Cloudflare. Ntchito yosandutsa dzina kukhala nambala imagwiridwa ndi DNS. Mukakhala pa Airtel kapena TNM, kompyuta yanu imafunsa rauta, MiFi kapena foni imene mwalumikizako, nayonso imakafunsa maseva a kampaniyo, yankho n'kubwerera musanaphethire n'komwe.

DNS sinalipo kuyambira pachiyambi. M'zaka za m'ma 1970, intaneti idakali ARPANET, netiweki yolumikiza mayunivesite ndi malo a kafukufuku ku America, mayina onse ndi nambala zake ankalembedwa m'fayilo imodzi yotchedwa HOSTS.TXT. Inkasungidwa ku Stanford Research Institute ku California, ndipo gulu loyang'anira ntchitoyo linkatsogoleredwa ndi mayi Elizabeth Feinler. Munthu akalumikiza kompyuta yatsopano ankawadziwitsa, iwo n'kuwonjezera mzere, ena onse n'kumakopera fayilo yatsopanoyo nthawi ndi nthawi. Makompyuta atachuluka njirayi inakanika, ndipo mu 1983 Paul Mockapetris anakonza DNS. Koma fayilo ija sinafe. Ikadalipo m'kompyuta iliyonse, dzina lake ndi hosts, ndipo kompyuta imayamba yasuzumira mmenemo isanafunse DNS. Ikapezamo dzina limene ikufuna, sifunsanso wina.

Zili ngati mayina amene munasunga mu foni. Mukadina pa "Achimwene", foni sikufunsani ngati nambala ili pansi pa dzinalo ndi yoona, imangoimba. Wina atasintha nambalayo n'kuikapo ya foni yanu yomweyo, mungaimbe tsiku lonse achimwenewo osamva kulira, chikhalirecho foni yawo ili bwinobwino, netiweki ilinso bwinobwino. Pa kompyuta iliyonse, nambala 127.0.0.1 imatanthauza kompyuta yomweyo. Mukalemba mu hosts kuti www.youtube.com ali pa 127.0.0.1, browser idzapempha tsambalo kwa kompyuta yanu yomwe, imene ilibe tsambalo, ndipo nkhani idzathera pomwepo. Palibe chimene chatuluka kupita kunja, ndiye ngakhale bandulo sikhudzidwa.

Kusintha fayilo ya hosts

Pa Windows, kuyambira yakale 7 ija mpaka 11, fayiloyi ili pa C:\Windows\System32\drivers\etc\hosts. Musathamangire kuitsegula podina kawiri, chifukwa mudzalemba bwinobwino koma pofuna kuseva idzakukanani. Dinani Start, lembani Notepad, dinani batani lakumanja la mausi pa Notepad imene yaonekayo, musankhe Run as administrator. Ikafunsa ngati mukulola, dinani Yes. Kenako File, Open, n'kulowa mpaka m'foda ya etc. Apa ndi pamene ambiri amabwerera, chifukwa fodayo imaoneka yopanda kanthu. Fayilo sinasowe ayi. Notepad ikungoonetsa mafayilo othera ndi .txt, pamene hosts ilibe kalikonse kumapeto kwa dzina lake. Pakona yakumunsi kudzanja lamanja, pamene palembedwa Text Documents, sinthani musankhe All Files. Mudzaona hosts, lmhosts.sam, networks, protocol ndi services. Zinayi zinazo zisiyeni momwe zilili.

Mukatsegula hosts mupeza mizere yoyamba ndi chizindikiro cha #. Mizere yotere kompyuta siiwerenga, ndi ndemanga chabe. Ngakhale zitsanzo ziwiri zimene a Microsoft anaikamo, rhino.acme.com ndi x.acme.com, zili kuseri kwa # ndipo sizigwira ntchito iliyonse. Musanasinthe kanthu, koperani fayiloyi pa fulashi kuti zikasokonekera mukhale ndi pobwerera. Ndiye tsikirani pansi penipeni, muyambe mzere watsopano, mulembe chonchi:

127.0.0.1 youtube.com
127.0.0.1 www.youtube.com
127.0.0.1 m.youtube.com
127.0.0.1 youtu.be

Nambala patsogolo, mpata, kenako dzina. Musalembe https:// kumayambiriro, musawonjezerenso chilichonse chotsatira dzinalo monga /watch, chifukwa hosts imamva mayina okha. Sevani ndi Ctrl ndi S, osati Save As. Save As ikhoza kukupangirani fayilo ina yotchedwa hosts.txt, imene idzakhala phee m'foda momwemo, yeniyeniyo isanasinthe n'kamodzi komwe.

Mwina mukudabwa kuti tsamba limodzi latenga mizere inayi chifukwa chiyani. Kwa ife youtube.com ndi www.youtube.com ndi chinthu chimodzi, koma kwa kompyuta ndi mayina awiri, ndipo kutseka limodzi sikukhudza linzake. Hosts sizindikiranso chizindikiro cha * chimene m'malo ena chimatanthauza zonse, choncho *.youtube.com sichita kanthu. Dzina lililonse lilembedwe palokha. Pa Facebook mufunika facebook.com, www.facebook.com, m.facebook.com komanso web.facebook.com, limene limaoneka kawirikawiri pamwamba pa browser munthu akatsegula Facebook pa kompyuta. Pa TikTok yambani ndi tiktok.com ndi www.tiktok.com. Njira yodalirika yopezera mayina ndi kutsegula tsambalo musanalitseke, n'kuyang'anitsitsa zimene zalembedwa pamwamba paja likamaliza kutseguka, osati zimene munalemba inu.

Kusankha dzina palokhapalokha kuli ndi ubwino wake. Shopu yopulinta singachite popanda WhatsApp, poti makasitomala ambiri amatumiza makalata ofunsira ntchito ndi zithunzi za masatifiketi kudzera momwemo. WhatsApp ndi Facebook ndi za kampani imodzi ya Meta, koma web.whatsapp.com ndi dzina lina, ndiye mukatseka mayina anayi a Facebook aja, WhatsApp ipitiriza kugwira ntchito monga kale.

Mukamaliza kuseva, tsekani browser yonse, osati tabu imodzi. Kompyuta komanso browser zimasunga kwa kanthawi nambala zimene zapeza posachedwa, ndiye tsamba likhoza kutsegukabe ngakhale mwalemba molondola. Tsegulani Command Prompt, pulogalamu ya Windows yolembamo malamulo, mulembe ipconfig /flushdns kuti zosungidwazo zifufutike. Kenako lembani ping www.youtube.com. Ikayankha kuti Reply from 127.0.0.1, zatheka. Ena akaona mawu akuti Reply amagwa ulesi poganiza kuti YouTube ikuyankhabe, koma yang'anani nambalayo: amene akuyankha ndi kompyuta yanu yomwe. Musayesere ndi lamulo lina lotchedwa nslookup, chifukwa ilo limadumpha hosts n'kukafunsa DNS mwachindunji, ndipo lidzakuonetsani nambala yeniyeni ya tsambalo ngakhale litatsekedwa kale. Mu Chrome, tsamba lotsekedwa motere limabweretsa uthenga wakuti This site can't be reached.

Mudzaona ena akulemba 0.0.0.0 m'malo mwa 127.0.0.1. Zonse zimagwira. Nambala 0.0.0.0 siloza kompyuta iliyonse, ndipo ndi yabwinoko ngati kompyutayo ili ndi seva yakeyake ya masamba, monga mmene amachitira ophunzira kupanga mawebusayiti ndi XAMPP, chifukwa apo 127.0.0.1 ikhoza kuonetsa tsamba la wophunzirayo m'malo mongokana. Kwa woyamba kumene, 127.0.0.1 ndi yosavuta kuiyesa ndi ping.

Pa Linux ndi macOS fayilo ndi yomweyo, kalembedwe n'komweko, koma ili pa /etc/hosts. Tsegulani Terminal, lembani sudo nano /etc/hosts, ikani pasiwedi, wonjezerani mizere yanu, musevere ndi Ctrl ndi O kenako Enter, mutuluke ndi Ctrl ndi X.

Chinanso choyenera kudziwa poti mwatsegula kale fayiloyi: werengani zimene zilimo. Malaputopu ambiri ogula ogwiritsidwa kale ntchito amabwera ndi mapulogalamu oikidwa mozemba malipiro, ndipo amene anaikawo amalemba mizere mu hosts yoletsa pulogalamu kulankhula ndi eni ake. Mavayirasi nawo amaidziwa fayiloyi. Amatha kutseka masamba a makampani a antivayirasi, kapena kulemba dzina la banki pambali pa nambala ya seva ya akuba. Mukapeza dzina la banki kapena la imelo pa mzere umene simunalembe inu, ufufuteni, ndipo kompyutayo ipimidwe. N'chifukwa chakenso Microsoft Defender, antivayirasi ya Windows, imaiyang'anira fayiloyi, ndipo kuyambira mu 2020 imachenjeza munthu akalembamo mayina ena a Microsoft yeniyeniyo.

Hosts singatseke zambiri kuposa mayina amene mwalembamo. Singatseke vidiyo imodzi n'kusiya zina, singatseke m'mawa n'kutsegula madzulo, ndipo sidziwa mtundu wa tsamba. Masamba olaula alipo osawerengeka, obetcha nawo ali ndi mayina ambirimbiri, moti kuwalemba limodzilimodzi ndi ntchito yosatha. Pa intaneti pali mindandanda ikuluikulu imene anthu amakopera mu hosts, koma pa Windows fayiloyi ikakula kwambiri intaneti imachedwa kuyamba, makamaka pa makompyuta okalamba amene ali m'malabu ambiri. Ine ndimaiona yoyenera mayina ochepa odziwika bwino, basi.

Ilinso ndi ntchito ina imene ambiri saidziwa. M'malo moloza dzina ku 127.0.0.1, mukhoza kuliloza ku seva ina ya Google imene imasefa zolaula nthawi zonse. Dzina lake ndi forcesafesearch.google.com, nambala yake 216.239.38.120, ndipo mukhoza kuitsimikizira ndi ping musanailembe. Mukaika mzere wakuti 216.239.38.120 www.google.com, kufufuza pa Google kupitirira bwinobwino, koma SafeSearch, chosefera zolaula cha Google, ikhala yoyaka ndipo wogwiritsa ntchito sangaizimitse mu browser. Kwa sukulu, mzere umodzi umenewu umathandiza kuposa mizere 50 ya masamba otsekedwa.

Malamulo a browser

Chrome ndi Edge zili ndi njira ina imene anaikonzera makampani ndi masukulu, ndipo kunena zoona imaposa hosts pa zambiri. Browser ikamayaka imawerenga malamulo olembedwa mu registry, kaundula mmene Windows imasunga makonzedwe ake, ndipo limodzi mwa malamulowo ndi URLBlocklist. Tsegulani Command Prompt mwa Run as administrator, mulembe mzere uwu wonse:

reg add "HKLM\SOFTWARE\Policies\Google\Chrome\URLBlocklist" /v 1 /t REG_SZ /d "facebook.com" /f

Tsamba lachiwiri likhale /v 2, lachitatu /v 3, kumapita choncho. Mukabwereza nambala, dzina latsopano lifufuta lakale. Pa Edge, sinthani Google\Chrome kukhala Microsoft\Edge. Apa facebook.com imodzi yokha ikwanira kutseka www, m ndi web zonse pamodzi. Mukhozanso kutseka mbali imodzi ya tsamba, mwachitsanzo youtube.com/shorts, ngakhale kuti masamba ngati YouTube amatha kusintha zoonetsa popanda kutsegula tsamba latsopano, ndiye kutseka kwa mbali imodziku kumaphonya nthawi zina. Uthenga umene munthu amaona umanena poyera kuti tsambalo latsekedwa ndi woyang'anira, zimene ndi zabwino, chifukwa sataya nthawi kuzimitsa ndi kuyatsa rauta poganiza kuti netiweki yathawa. Kuti muone ngati lamulo lalowa, lembani chrome://policy pamwamba pa browser, kapena edge://policy pa Edge. Malangizo akale amalemba URLBlacklist, koma dzina limenelo linasinthidwa mu 2020, ndiye lisiyeni.

Mphamvu yeniyeni ya njirayi ili poti mukhoza kuitembenuza. Mukaika * mu URLBlocklist, zonse zatsekedwa. Kenako mu URLAllowlist, imene imalembedwa mofanana, muika masamba okhawo amene mukufuna, monga wikipedia.org ndi khanacademy.org, kuphatikizapo chrome://policy kuti inunso muzitha kuona malamulo anu. Pa labu ya sukulu njira imeneyi ndi imene ili yanzeru. Mphunzitsi sangapikisane ndi ana a Fomu 3 podziwa masamba atsopano, koma masamba amene phunziro lake likufuna amawadziwa onse. Firefox ili ndi lamulo lofanana nalo lotchedwa WebsiteFilter. Vuto la njirayi ndi lakuti lamulo la Chrome limagwira pa Chrome pokha, ndiye browser iliyonse imene ili m'kompyutamo ifunika lamulo lake, kapena ichotsedwe.

Kusintha DNS

Pa zolaula, kumene mayina sawerengeka, bola kusiyira ena ntchito yosunga mndandanda. Pali maseva a DNS aulere amene dala sapereka nambala za masamba otere. Cloudflare inakhazikitsa ake mu 2020: 1.1.1.3 ndi 1.0.0.3 amatseka zolaula ndi masamba ofalitsa mavayirasi, pamene 1.1.1.2 ndi 1.0.0.2 amatseka a mavayirasi okha. OpenDNS, imene inagulidwa ndi Cisco mu 2015, ili ndi FamilyShield pa 208.67.222.123 ndi 208.67.220.123. Pa Windows, dinani batani la Windows pamodzi ndi R, lembani ncpa.cpl, dinani kumanja pa Wi-Fi, musankhe Properties, kenako Internet Protocol Version 4, n'kulemba nambala ziwirizo pamene akuti Use the following DNS server addresses. Ziwiri zonsezo zikhale za osefa. Mukaika 1.1.1.3 pamwamba ndi 8.8.8.8 pansi, kompyuta idzafunsa yachiwiriyo nthawi zina, ndipo yachiwiriyo siisefa kanthu.

Dziwaninso kuti zimenezi zimakonzedwa pa njira iliyonse yolumikizira payokha. Mukakonza Wi-Fi yokha, wina akabaya chingwe cha netiweki, kapena akalumikiza foni yake ndi chingwe cha USB n'kuyatsa tethering, Windows iona njira yatsopano imene ikugwiritsa ntchito DNS ya kumene intanetiyo ikuchokera. Hosts ndi malamulo a browser alibe vuto limeneli, amatsata kompyuta kulikonse kumene yapita, kaya ku Senga Bay kaya ku Chipoka.

Nambala zomwezi zikhoza kuikidwa mu rauta kuti zigwire aliyense wolumikiza, mafoni omwe. Adiresi ya rauta muipeza polemba ipconfig n'kuyang'ana Default Gateway. Kawirikawiri ndi 192.168.0.1 kapena 192.168.1.1, ndipo pa zipangizo zambiri za Huawei ndi 192.168.8.1. Marauta ena ali ndi malo olembapo mayina oletsedwa, otchedwa URL Filter kapena Parental Control, koma ma MiFi ang'onoang'ono ambiri salola kusintha zambiri. Mukalowamo sinthaninso pasiwedi yolowera, chifukwa yoyambirira imalembedwa pa kapepala komata pansi pa chipangizocho. Ndipo rauta ili ndi kabowo ka Reset kamene aliyense wokhala ndi singano angabayepo n'kufufuta zonse zimene munakonza, ndiye isakhale pamalo pofika aliyense.

DNS yosefayi musaiyembekezere kuchita zimene sinalonjeze. Ya Cloudflare ija siitseka Facebook, YouTube kapena masamba obetcha. Amenewo ndi a hosts kapena URLBlocklist. Komanso kuyambira mu 2018 pali njira yotchedwa DNS over HTTPS, imene imalola browser kufunsa yokha DNS imene yasankha, mobisa, osadzera pa imene munaika mu Windows kapena mu rauta. Mu Chrome ili pa Settings, pansi pa Security, pamene akuti Use secure DNS. Munthu akasankha pamenepo DNS ina yosasefa, ntchito yanu ya pa rauta yapita pachabe. Mankhwala ake ndi lamulo lina la mu registry:

reg add "HKLM\SOFTWARE\Policies\Google\Chrome" /v DnsOverHttpsMode /t REG_SZ /d off /f

Amene ali ndi pasiwedi ya administrator

Zonse zimene zafotokozedwazi, kupatula za pa rauta, zafuna Run as administrator, kapena sudo. Tanthauzo lake ndi lakuti aliyense amene angathe kudina Yes pa funso lija angathenso kufufuta mizere yanu mu hosts, kuchotsa malamulo a browser ndi kubweza DNS, ndipo malangizo ochitira zimenezo ali ponseponse pa intaneti. Tsono taonani mmene makompyuta ambiri alili kuno: akaunti ndi imodzi, dzina lake User kapena Admin monga anaisiyira wogulitsa, pasiwedi palibe, mukangoyatsa mwafika pa Desktop. Pa kompyuta yotere aliyense ndi administrator, kuyambira abwana mpaka mwana wa Sitandade 7, ndipo kutseka kwanu kugwira okhawo amene sanaganizepo zofufuza.

Choncho ntchito yoyamba, ngakhale ndaitchula mochedwa, ndi kugawa maakaunti. Ikani pasiwedi pa akaunti ya administrator. Kenako pangani akaunti ina ya ogwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, kudzera pa Settings, Accounts, Other users, ndipo mutsimikize kuti mtundu wake ndi Standard User. Windows ikalimbikira kufuna imelo, pali posankha kupanga akaunti yopanda ya Microsoft. Munthu wa Standard akhoza kutayipa, kupulinta, kufufuza pa intaneti ndi kusunga mafayilo ake, koma akayesa kusintha hosts, malamulo a browser aja a mu registry kapena DNS, kompyuta imufunsa pasiwedi imene alibe. Pasiwedi imeneyo isakhale dzina la sukulu, dzina la mwana wanu kapena 1234, isalembedwenso pa kapepala komata pa sikirini. Ndipo mnyamata wa pa shopu akakuimbirani muli ku Lilongwe kuti pulinta ikufuna pasiwedi, dziwani kuti mukamutchulira pa foni mwamupatsa zonse, ndiye mukabwerako muisinthe.

Ngakhale mutatero, mipata imatsalabe, ndipo ndi bwino kuidziwa. Mabrowser ena amalola kuikidwa m'foda ya munthu mwini popanda pasiwedi ya administrator, ena amayaka kuchokera pa fulashi osaikidwa n'komwe. Browser yotere siwerenga malamulo amene munalembera Chrome, koma imamverabe hosts, pokhapokha ikakhala yodutsitsa zonse pa seva ina. Opera, mwachitsanzo, ili ndi VPN yomangiramo kuyambira mu 2016, imene ndi njira yodutsitsira zonse pa seva ina, ndipo ikayatsidwa dzina la tsamba limakafunsidwa kutali pa seva yawo, hosts yanu osafunsidwa. Tor Browser imachitanso chimodzimodzi. VPN yoikidwa pa kompyuta yonse ndi yosiyana pang'ono: imazemba zosefa za pa rauta, koma hosts imawerengedwabe poyamba, ndipo kuiika kumafuna pasiwedi ya administrator. Palinso masamba amene ntchito yawo ndi kukutsegulirani masamba ena mkati mwawo, ndipo njira yotseka zonse n'kulola ochepa ija ndi imene imathana nawo bwino. Wodziwa kwambiri akhoza kuyatsa kompyuta ndi Linux ya pa fulashi n'kusintha mafayilo a Windows ali kunja kwake. Kumeneko mankhwala ake ndi pasiwedi ya BIOS, kapulogalamu koyamba kuyaka Windows isanayake, ndi kuletsa kuyaka kuchokera pa USB.

Kwa makolo amene ana awo ali ndi akaunti ya Microsoft, Windows 10 ndi 11 zili ndi Family Safety, imene imasefa masamba mu Edge ndi kuika malire a nthawi. Pa Mac pali Screen Time. Izinso zili kale m'kompyuta, kungoti Family Safety imafuna imelo ya kholo ndi ya mwana, zimene pa labu ya ana ambiri osinthanasinthana sizitheka.

Maganizo anga ndi akuti musayese kutseka mpata uliwonse. Pa shopu kapena mu ofesi, cholinga ndi chakuti bandulo ifike kumapeto kwa mwezi ndipo ntchito iziyenda, ndiye hosts ndi akaunti ya Standard zikwanira. Wantchito amene wafika poika browser ina mobisa nkhani yake si ya kompyutanso, ndi yoti mukhale naye pansi. Pakhomo, kumbukirani kuti mwana yemweyo mwina ali ndi foni m'thumba ndi bandulo yakeyake, imene siidzera pa laputopu kapena pa rauta yanu. Ndipo pali anthu amene amadzitsekera okha, monga wolemba mayeso amene akudziwa kuti Facebook imamudyera nthawi, kapena amene akufuna kusiya kubetcha. Kwa otere njira yabwino ndi kugwiritsa ntchito akaunti ya Standard, pasiwedi ya administrator n'kusungitsa kwa mnzawo wodalirika.

Zonsezi chitani pa kompyuta yanu kapena imene mwapatsidwa udindo woyang'anira. Lamulo la dziko lino la Electronic Transactions and Cyber Security Act la mu 2016 limaletsa kulowa kapena kusintha zinthu m'kompyuta ya wina popanda chilolezo. Ngati ndi ya ku ntchito, funsani abwana kaye, chifukwa mwina tsamba limene inu mukuliona ngati lotayitsa nthawi ndi limene a ofesi ina amalengezerapo ntchito zawo. Ogwiritsa ntchito nawo auzidwe kuti masamba akutiakuti atsekedwa.

Kutsegulanso n'kosavuta. Mu hosts, ikani # kumayambiriro kwa mzere m'malo moufufuta, musevere, mupange ipconfig /flushdns, ndipo tsiku lina mukadzafuna kutsekanso mudzangochotsa # yo. Lamulo la browser limachoka ndi reg delete pa adiresi yomwe ija ya URLBlocklist. Pamwamba pa mizere yanu lembaninso ndemanga yoyamba ndi #, yonena amene watseka, tsiku ndi chifukwa chake, ndipo pasiwedi ya administrator muisiye mu envelopu yomata kwa ahedi kapena kwa mwini shopu. Aphunzitsi amasamutsidwa. Amene adzalowe m'malo mwanu inu mutapita ku Nkhotakota akadzapeza YouTube ikukana kutseguka pa makompyuta onse a mu labu, tsiku limene akufuna kuonetsa ana vidiyo ya sayansi, adzayamba waimbira kampani ya intaneti, kenako adzaitana wokonza amene mwina adzafufuta Windows yonse n'kuikanso, chikhalirecho vuto ndi mizere inayi ya m'fayilo imodzi.